Gawo Limene Silinafike ku Limbe

Pempho anayamba kumukayikira Adnan chifukwa chakuti anayankha bwino kwambiri.

Linali Lachitatu, ali pa siteshoni ya Leicester kudikira sitima yobwerera ku Loughborough kumene Pempho ankakhala. Kunja kunkawaza kamvula kaja kosanyowetsa koma kosaleka. Funso lake linali laling'ono: kodi Chipewa Choyera anapulumuka bwanji?

Chipewa Choyera anali kauboyi wa m'filimu. Loweruka lililonse masana, agogo ake a Adnan, a Dawood, amene iye ankawatcha Nana, ankatchinga mawindo a chipinda cha pamwamba pa shopu ya banja lawo ndi mabulangete, n'kupachika nsalu yoyera kukhoma, n'kuonetsa gawo limodzi la filimu ya makauboyi yomwe inajambulidwa iwo asanabadwe. Gawo limodzi basi. Lililonse linkathera pamene munthu watsala pang'ono kufa, ndipo wofuna kudziwa zotsatira ankayenera kubweranso sabata inayo. Loweruka lapitalo Pempho sanapite chifukwa anali ku Hyson Green, ku phwando la msuweni wake. Anamusiya Chipewa Choyera atamangidwa manja m'ngolo, akavalo akuthamangira kuphompho.

"Anadumpha," anatero Adnan. "Anadula chingwe ndi kachitsulo ka kuchidendene kwa nsapato, n'kudumpha ngolo isanagwe. Anagwira nthambi ya mtengo."

"Nsapato ya kumanzere kapena ya kumanja?"

"Ya kumanzere."

Pempho anamuyang'ana. Adnan amene iye ankamudziwa ankaonera filimuyi diso limodzi lili pa foni. Tsiku lina anafunsa ngati Ndevu, mkulu wa zigawenga, anali bambo ake a mtsikana wa m'filimumo, pamene Ndevuyo anali atangomaliza kumuba mtsikanayo kachiwiri. Lero ankadziwa ndi nsapato yomwe.

"Unali tcheru ndithu."

"Ndimaonera anthu awiri, bebi. Ine ndi iwe."

"Kunali ndani?"

"Anthu a masiku onse. Nana, Mami."

"Nilofar?"

"Nilofar akatani ku filimu ya makauboyi?"

Limenelo silinali yankho. Linali funso lovala chipewa cha yankho. Sitima inafika, Adnan anamupsompsona pachipumi, ndipo Pempho anakwera atanyamula nsapato ya kumanzere m'mutu mwake.

* * *

Vuto linali lakuti sakanatha kufunsa aliyense m'nyumba muja popanda kudziulula. Kwa amayi a Adnan, a Shenaz, iye sanali chibwenzi cha mwana wawo. Anali "mtsikana wa ku yunivesite amene akufufuza za makanema akale a ku Malawi." Bodzali analipeka ndi Adnan. Ankati amayi ake amuzolowere kaye, aone kuti ndi munthu waulemu, kuti nkhani ya chipembedzo ndi ya mtundu idzakambidwe anthu atamwera kale tiyi limodzi. Pempho, amene sukulu anamaliza kalekale ndipo za makanema sanaphunzirepo, anavomera poganiza kuti ndi masewera a masabata awiri. Tsopano filimu inali itafika pakati.

Ndiye panali Nilofar, mwana wa anzawo a a Shenaz a ku Oadby. Anabadwira kuno, Chichewa sankamva, koma ankadziwa kumwetulira kwa akuluakulu. Pempho anamuona kawiri m'shopu, ndipo maulendo onse awiri a Shenaz anamupatsa mpando wa kuseri kwa kauntala, kumene makasitomala safika.

"Wati akudziwa ndi nsapato yomwe?" anafunsa Charlotte, msuweni wake uja, pa foni. "Mwamuna wanga sadziwa mtundu wa makatani a m'nyumba mwake momwe."

"Mwina akusintha."

"Akusintha kapena anarivaiza? Iwe, munthu wonena zoona amaiwala zina. Wokumbukira zonse ndiye kuti anakonzekera mayeso."

"Ndilibe umboni."

"Umutengere foni akapita kutoileti."

"Zimenezo n'za anthu osafuna kuganiza."

"Chabwino, a pulofesa, ganizani. Mudzatiuze ansala ukwati wake utatha."

* * *

Lachisanu Pempho anaweruka msanga n'kukwera sitima. A Shenaz anali pakauntala akusanja mapaketi a zokometsera ndiwo, chibangili chawo chagolide cha timaluwa chikugunda pagalasi.

"Wofufuza wathu. Lero si Loweruka."

"Ndili ndi timafunso kwa agogo, anti."

A Shenaz anayang'ana m'manja mwake kaye, kenako kumaso. "Kwerani. Mafunso ndi abwino."

Chipinda cha pamwamba chinkamveka kafungo ngati ka viniga, fungo la filimu yokalamba. A Dawood anabwera ku Leicester chaka chatha akazi awo atamwalira. Mipando, mabedi ndi mbale anasiya ku Limbe, koma makina oonetsera kanema ndi zitini za filimu anakana kusiya. Anawapeza akupukuta galasi la makinawo ndi kansalu.

"Mayi Pempho. Loweruka mwaphonya gawo labwino kuposa onse."

"Ndamva kuti anadumpha."

Dzanja lawo linaima. "Ndani?"

"Chipewa Choyera. Anadula chingwe ndi kachitsulo ka nsapato."

"Wakuuzani ndani zimenezo?"

"Ndinangomva."

A Dawood analoza pashelefu. "Tayang'anani zitinizo."

Chitini chilichonse chinali ndi nambala yolembedwa ndi penti yofiira. Pempho anayendetsa chala. Pambuyo pa sikisi panabwera eyiti.

"Seveni ali kuti?"

"Kafunseni a njanji. Mafilimu amenewa ankabwera pa sitima kuchokera ku Salisbury, atatopa kale ndi kuzungulira mayiko ena. Gawo limenelo silinafike ku Limbe. Tsiku lake holo ya bambo anga inadzaza, ena atayenda wapansi kuchokera ku Bangwe kudzaona ngati munthu uja wafa. Ine ntchito yanga inali kuima pambali pa nsalu n'kumamasulira Chizungu cha makauboyi. Bambo anga anati, 'Dawood, lero umasulira nsalu yokha.' Tinayatsa nyali ya makina, nsalu ili mbee, ine n'kufotokoza gawo lonse pakamwa."

"Ndiye anapulumuka bwanji?"

"Anamupulumutsa ndi mtsikana uja, mwana wa mwini mgodi. Magawo onse aja iye ntchito kukuwa ndi kukomoka, ine zinali zitanditopetsa. Ndinamukweza pa kavalo, ndinamupatsa chingwe, anamukoka mwamunayo m'ngolo ngati mbuzi. Amayi a m'holo anaimirira, nthungululu mpaka kumsewu. Kuyambira tsiku limenelo gawo seveni ndi langa. Loweruka ndinalifotokozanso momwemo."

"Nanga zodumphazo?"

"Mwina ndi zimene azungu anajambula. Ine sindinazionepo. Akuti masiku ano zili pa intaneti." Anamuyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Amene wakuuzaniyo anaonera kanema wabwino, koma osati wanga."

Pempho anakhala pampando wapafupi. Ankakonda kwambiri kamphindi kamene zidutswa za chinthu zimalumikizana. Sankadziwa kuti kamphindi komweko kangathenso kupweteka.

"Munafotokozera ndani, agogo?"

"Bambo Jeremy a ku Chipata, a khomo loyandikana nafeli. Ndi mipando."

"Ena anali kuti?"

"Ine ndine woonetsa kanema, mayi. Sindiuza anthu mathero." Anayambanso kupukuta galasi. "Ndinangoona kuti mdzukulu wanga wasita malaya, ndipo Shenaz wanyamula bokosi la maswiti lomanga ndi riboni. Kuchipatala sapita ndi riboni."

Pempho anathokoza. Ali pakhomo, a Dawood anawonjezera osatukula mutu.

"Shenaz anakulira m'holo muja. Ndi amene ankagwira tochi kuonetsa anthu pokhala. Ankadziwa wobwerera filimu ndi wobwerera zina."

Pempho anamva mawuwo koma sanawasunge. Anali wotanganidwa ndi kupambana kwake.

* * *

Loweruka m'mawa anakumana ku Beaumont Leys, kumene Adnan ankakagula zina za kunyumba. Anakhala m'galimoto pamalo oimikapo, khofi ali m'manja, mawindo akuchita nthunzi.

"Tandifotokozereninso za nsapato ija, a Adnan."

"A Adnan? Ndalakwa chiyani?"

"Ya kumanzere, eti?"

"Pempho."

"Gawo limenelo silinafike ku Limbe. Nana wako alibe. Amalifotokoza pakamwa, ndipo mwawomo palibe amene amadumpha."

Adnan anayang'ana kutsogolo. Mayi wina ankalimbana ndi tolole ya gudumu lopindika, ndipo Adnan anamutsatira ndi maso mpaka anafika pagalimoto yake.

"Ndinaonera pa foni," anatero. "Ndinkadziwa kuti undifunsa."

"Unaonera gawo lonse kuti undinamize bwino. Sindikudziwa ngati ndikwiye kapena ndikuyamikire. Aka n'koyamba kumaliza gawo osagwira meseji."

"Tinapita ku Oadby. Mami anati ndi tiyi chabe. Titafika ndinapeza amalume ake a Nilofar onse atakhala pamzere ngati khoti."

"Ndiye?"

"Ndinati ndikufuna nthawi. Sindinavomere chilichonse. Wallahi."

"Unakana?"

"Ndinati ndikufuna nthawi."

"Maswiti aja munabwerera nawo?"

Adnan anafunafuna dzanja lake, ndipo Pempho analola kuti aligwire. Anadziuza kuti n'chifukwa cha kuzizira.

"Nthawi yonse imene ndinali m'nyumba muja ndinkaganiza za iwe," anatero Adnan. "Ndinkati akanakhalapo Pempho akanandinong'oneza kale amene akunama pagululi."

"Ndikanayambira pa iwe."

Anaseka onse awiri, koma pang'ono.

"Ukudziwa chimene chimandinyansa m'mafilimu a Nana wako?" anatero Pempho. "Sabata ino amakuonetsa ngolo ikugwa, munthu ali momwemo. Waona ndi maso ako. Sabata inayo amabwereza malo omwewo, koma awonjezera kachidutswa kamene kanalibepo, munthu akudumpha. Ndiye iwe uyambe kudzikayikira wekha kuti mwina unaphethira. Iwenso wandibweretsera kachidutswa."

"Koma n'zoona."

"Mwina. Ine kunalibe. Ndikufuna kudumpha kumene ndikuone ndekha. Lero, magetsi asanazimitsidwe, uwauze amayi ako kuti ndine ndani."

"Lero? Ukudziwa BP ya Mami."

"BP yawo inapirira ulendo wa ku Oadby."

"Ndikapanda kunena?"

"Ndiye kuti kafukufuku wanga watha lero."

Adnan anapukuta nthunzi pagalasi ndi mkono wa juzi, ngakhale panalibe choti aone.

"Chabwino," anatero.

Pempho anamvetsera bwino mawuwo. Anali atatuluka m'kamwa mwa Adnan msanga kwambiri.

* * *

Masana, mabulangete anali kale m'mawindo. Bambo Jeremy anali pampando wawo wa kutsogolo.

"Ba Pempho, munamisa gawo lija," anatero m'kalankhulidwe ka kwawo ku Chipata. "Mudala anachita zonse yeka, na kavalo yeve."

Pempho anamwetulira, koma maso ake anali atafika kale pampando wake wa masiku onse, pafupi ndi makina, pamene Adnan ankakhala pothandiza agogo ake. Panali Nilofar. Anamupatsa moni m'Chingerezi chofewa, n'kutambasula dzanja. Pamkono pake panali chibangili chagolide cha timaluwa.

Adnan anali pashelefu, atafulatira anthu, akutsitsa chitini cha nambala eyiti.

A Shenaz analowa ndi thireyi ya tiyi, mkono wawo uli wopanda kanthu. Anaika thireyi patebulo n'kutembenukira kwa Pempho ndi nkhope yachifundo.

"Pempho, mwanangu, inu mumakonda kufufuza za ife. Loweruka likubwerali kanema kulibe. Kuli mangni, chimene kwathu ku Malawi timati chinkhoswe. Cha Adnan ndi Nilofar. Mubwere ndi kamera mudzajambule zonse, zikakuthandizeni kusukulu."

Bambo Jeremy anayamba kuomba m'manja, koma ataona kuti ali okha anasiya.

Adnan anatembenuka, chitini chili pachifuwa. Nkhope yake inali ya munthu wodabwa. Pempho anaiyang'anitsitsa, kufuna kuona ngati kudabwako kunali kwa lero kapena kokonzekera. Sanathe kudziwa.

"Papa, zimitsani magetsi tiyambe," anatero a Shenaz.

A Dawood anali ataima pafupi ndi swichi. "Dzanja lachita dzanzi. Tidikire pang'ono."

Pansi, m'shopu, belu la pachitseko linalira, wantchito n'kupereka moni kwa kasitomala. Pempho anagwira lamba wa chikwama chake. Anali atatsimikiza kuti akangoimirira sabwereranso.

Adnan anaika chitini patebulo.

"Mami, Pempho sakufufuza chilichonse. Bodza limenelo ndinapeka ndine. Ndi chibwenzi changa, ndipo ndi amene ndikufuna kumukwatira."

Kenako anatembenukira kwa Nilofar n'kubwereza zomwezo m'Chingerezi kuti pasakhale wotsala.

Pempho anasiya lamba wa chikwama. Wadumpha. Wadumpha magetsi akuyaka, anthu akuona, popanda kachidutswa kowonjezera. Anayang'ana a Shenaz, kudikira kuti agwire pachifuwa.

A Shenaz ankathira tiyi. Anadzaza kapu ya bambo awo, anathira shuga, anatakasa.

"Ndikudziwa," anatero.

"Mukudziwa?"

"Wofufuza wotani wobwera chimanjamanja, wopanda ngakhale cholembera? Tsiku loyamba lomwe, mlatho ukugwa pansalupo, aliyense ankayang'ana nsalu. Iye ankayang'ana iwe." Anapereka kapu kwa a Dawood. "Ndinati ndizisiye, mwina zitha ndi filimuyi. Mangni tinapangana kuti idzakhale Eid ikadutsa. Koma dzulo nditamuona akukwera masitepe anga tsiku losakhala la kanema, ndinati uyu wayamba kufunsa zenizeni. Ndinaimba ku Oadby kuti tifulumize."

Anayang'ana Pempho, osakwiya, ngati mphunzitsi wobweza pepala.

"Ndinu wanzeru, mwanangu. Mukanakhala kwanu dzulo, bwenzi muli ndi miyezi."

"Mami, ine sindipita," anatero Adnan.

"Ukawauze amalume ako a ku Blantyre. Anyamuka kale. Papa, dzanja lanu likadali ladzanzi?"

Sanadikire yankho. Anapita okha pa swichi.

Magetsi asanazime, Pempho anaona Nilofar akuchotsa chikwama pampando woyandikana naye, n'kuusisita kuti akhalepo. Nkhope yake inali yosasintha, ngati ya munthu amene gawo ili analionera kale. Pempho akanatha kutuluka. Koma kutuluka kukanatanthauza kumusiya Adnan ali m'mwamba, asanagwire nthambi. Anakhala.

Makina anayamba kulira. Kuwala kunadutsa pamwamba pa mitu yawo, nyimbo ya malipenga inatuluka yosasa. A Dawood, amene nthawi zonse ankayamba ndi kukumbutsa anthu pamene anasiyira, lero anangoyang'ana pansalu.

Mumdimamo chitsulo chozizira chinakhudza mkono wa Pempho. Nilofar anali atawerama kufupi ndi khutu lake.

"Walankhula bwino," ananong'ona m'Chingerezi. "Amalankhula bwino nthawi zonse. Ukamufunse anali kuti dzulo madzulo, ndiponso kuti anandiveka chibangilichi ndani."

Pempho sanatembenuke. Dzulo masana chibangilicho chinali pamkono wa a Shenaz, anachiona yekha chikugunda pagalasi la kauntala. Lero m'mawa, m'galimoto, Adnan anamuuza za Loweruka lapita, za amalume, za tiyi. Za dzulo sananenepo kanthu, ndipo iye sanafunse.

Kumbuyo kwake ankamva kupuma kwa Adnan pafupi ndi makina. Pansalu, Chipewa Choyera ankathamanga pa kavalo wake, malaya oyera opanda fumbi, ngati munthu amene sanalowepo m'ngolo.